Zelesi Alambalala Manda

1. Nsapato ziwiri

A Goliati Ndau ankapukuta nsapato ziwiri m'mawa uliwonse, chonsecho mwendo anali nawo umodzi. Zinali jombo za kumgodi, zakuda, zokhala ndi chitsulo kumphuno. Ankayamba ndi ya kumanja imene ankavala, kenako n'kutenga ya kumanzere imene inalibe phazi. Akatha ankaipachikanso pamsomali. Munthu akawafunsa chifukwa chake, ankangoti, "Zinabwera limodzi."

Mwendo wa kumanzerewo unatsala ku Joni. Pamudzi pawo ku Kasinje nkhani yake inali yodziwika, ndipo amene ankaikamba kwambiri anali akazi awo, a Eliness.

"Analowa m'chipatala ndi miyendo iwiri, ali ndi kachilonda chabe pamsongolo," ankatero a Eliness. "Anatuluka ndi ndodo. Kuchipatala sadziwa kupoletsa, amadziwa kudula."

A Goliati akamva zimenezi sankavomera ndipo sankakana. Ankangoweramira mkeka umene ankaluka. Zelesi, mwana wawo woyamba, anakula akumva mawu amenewa.

Chaka cha 1949 mvula inadula chimanga chisanamasule. Kuchigwa konse anthu sanakolole. Pofika mwezi wa Okutobala banja la a Goliati linali litadya zonse, ndi mbewu yomwe imene a Eliness anaipachika pamwamba pa moto. Dzinja lina linali pafupi, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale njere imodzi yodzala.

Azimayi a m'mudzimo anapangana zokasuma kumapiri, kumene anthu anakololako chimanga ndi mbatatesi. Kumeneko n'kumene kunali kwawo kwa a Goliati, ndipo mlongo wawo, a Edina, ankakhala komweko. A Eliness anali ndi khanda. A Goliati sakanatha kukwera. Wotsala anali Zelesi, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Anagwirizana kuti asenze mikeka ya abambo ake akasinthanitse ndi mbewu.

Koma Zelesi anali ndi chinthu chimene sanauze munthu. Masiku apitawo, akufukula madzi mumchenga wa mtsinje wouma, khasu linaphonya n'kumutema pamsongolo wa kumanja. Anathirapo phulusa, anamangapo kansanza, n'kuyamba kutsitsa nsalu yake mpaka mu akakolo. Amayi ake anamuseka kuti wayamba kuvala ngati mkazi wa aphunzitsi.

Chilondacho sichinaume. Chinayamba kudya m'mbali. Zelesi anakhala chete, chifukwa akananena akanamuletsa ulendo, ndipo wina akanatchula chipatala.

Madzulo a tsiku lomaliza abambo ake anamuitana pakhonde.

"Njira ukupitayi ndinaiyenda ndili ndi miyendo yanga, ndiye umvetsere," anatero a Goliati. "Phiri silifuna changu. Lidzakunamiza. Udzaona ngati nsonga ndi iyo apo, koma ukafika upeza ina kuseri kwake. Madzi usamwe onse m'munsi. Ukafuna kupuma usakhalitse pansi, miyendo imazizira n'kukana kudzuka. Ukakumana ndi anyani usawagende, ndipo usawaonetse mano, amayesa ukuwaputa. Koma chachikulu ndi ichi: usapatukane ndi anzako. A Lufina, amene akukutsogolerani, njira akuidziwa ngati pakhomo pawo. Pamene aponda iwo, iwe uponde pomwepo. M'phirimo muli tinjira tambiri timene si ta anthu. Tina ndi ta nguluwe, tina ndi ta madzi a mvula. Timayamba bwino koma timathera paphompho. Munthu akakhala yekha m'phiri, ngakhale afuule chotani, womuyankha ndi mwala. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

"Nanga wagwada bwanji chammbali ngati nkhuku yothyoka phiko?"

"Pansipa pali minga, ababa."

A Goliati anayang'ana pansi. Pakhondepo panali posesa bwino. Koma khanda linalira m'nyumba, ndipo nkhani inathera pomwepo.

2. Pamphambano

Ananyamuka mbandakucha. A Lufina, mayi wamtali wa mawu aakulu, anali patsogolo. Azimayi ena anayi anawatsatira, aliyense ndi katundu wake wokasinthanitsa: wina nsomba zouma, wina miphika, wina mchere. Zelesi anali pambuyo, mpukutu wa mikeka pamutu, chipanda cha madzi m'manja.

Pamalo osalala mwendo unkamvera. Koma atafika patsinde pa phiri, dzuwa litakwera, njira inayamba kuimirira. Nthawi iliyonse Zelesi akaponda ndi phazi la kumanja, ululu unkathamanga kuchoka pamsongolo mpaka m'chiuno. Mpata pakati pa iye ndi anzake unkakulirakulira.

"Iwe mwana wa Angoni!" anafuula a Lufina osacheuka. "Makolo ako anachoka kutali ndi miyendo, iwe ukuyenda ngati nanzikambe. Kapena wasiya chibwenzi kumudzi?"

"Mikekayi ikukola m'mitengo, amayi."

"Ikole mikeka, miyendo isakole."

Azimayi anaseka. Naye Zelesi anaseka, n'kuluma mlomo wa m'munsi.

Phiri lonse linali lotuwa, udzu utapsa ndi moto wa osaka mbewa. Koma kutsogolo kwawo kunaoneka chithukuluzi cha mitengo ikuluikulu yobiriwira, imene nkhwangwa inali isanaikhudzepo. Azimayi anasiya kuseka. Mmodzi anakoka nsalu n'kuphimba mapewa.

"Aikanso wina dzulodzuloli," anatero wa miphika uja. "Taonani dothi lofiiralo."

Anali manda, ndipo njira inkadutsa m'mbali mwenimweni mwa mitumbira.

Zelesi anaima. Mwana aliyense kwawo ankadziwa kuti munthu wa chilonda sayandikira manda. Akuluakulu ankati chilonda chikaona manda sichipola, chimanyeka mpaka kufika pafupa. Pamaliro anthu a zilonda ankatsala kumudzi n'kumathandiza kutunga madzi.

Kumanzere kwa njira kunali kanjira kena kakang'ono kokwera chindunji. Zelesi anakayang'ana, nayang'ananso mandawo.

"Amayi, tsogolani. Ndipatuke kaye kuthengo."

A Lufina anacheuka. "Kuthengo? Njala yonseyi iwe wadya chiyani choti upatukire? Tiuze nafe tikadyeko."

Azimayi anasekera m'manja poopa manda.

"Fulumira," anatero a Lufina. "Kuseri kwa mitengoyi kuli thanthwe lopumirapo. Utipeza pamenepo."

Zelesi anadikira mpaka mutu womaliza unalowa m'mthunzi. Kenako anakonza nkhata, nalowa kanjira ka kumanzere. Ankayesa kuti kazungulira mandawo n'kukakumana ndi njira yaikulu kumtunda kwake.

3. Yekha

Kanjirako sikanazungulire. Kanangokwera.

Poyamba kanali kooneka bwino. Kenako kanayamba kuchepa, kulowa pansi pa zitsamba zimene munthu wosenza sangadutse ali chiimire. Zelesi anatsitsa mikeka n'kuikolekera kumsana ndi luzi. Anathyola nthambi youma kuti ikhale ndodo.

Phulusa la lupsa linkafumbuka akaponda. Linadetsa mapazi, linalowa m'mphuno, linamatirira pakansanza ka pamsongolo kamene kanali katanyowa. Miyala ing'onoing'ono inkagubuduka pansi pa mapazi ake n'kumatsika yokha mpaka phokoso lake kuzimirira.

Atakwera nthawi ndithu anacheuka. Mitengo ya manda inali pansi, kutali, ndiponso kumbali ina. Pakati pa iye ndi mitengoyo panali chigwembe chakuya chimene sanachione pokwera.

"Amayi a Lufinaaa!"

Phiri la kutsidya linabweza mawu ake. Anaitananso, ndipo linabwezanso. Kenako kunangotsala kulira kwa nyenje.

Kubwerera kunali kotheka. Koma kubwerera kunali kukadutsa pamanda, ndipo tsopano akanadutsapo yekha. Zelesi anamwa madzi pang'ono, napitiriza kukwera.

Dzuwa litafika paliwombo anakhala pansi pa mtengo wa msuku. Anatukula nsalu n'kuyesa kumasula kansanza. Kanali katakanirira, ndipo pokamatula anatuluka misozi. Chilonda chimene chinayamba ngati mzere chinali tsopano chozungulira, m'mbali motukuka, pakati potuwa. Mwendo unali utatupa mpaka khungu kunyezimira. Fungo linamufika iye mwini, ndipo ntchentche zinafika asanamangenso. Atagwira mphechepeche anapeza mwanabere wolimba ngati nthudza.

Anang'amba chidutswa cha nsalu yake, namanga. Pansi pa mtengowo panali masuku angapo ogwa okha. Anatola amene nyerere zinali zisanawamalize.

Ali mkati modya anamva kukhosomola kumtunda. Anayesa ndi munthu. Anali anyani. Anakhala pamiyala, akuluakulu ndi ana omwe, akumuyang'ana. Wamphongo wamkulu anatsika miyala iwiri n'kukhalanso.

Zelesi anadzuka pang'onopang'ono. Poponda, ululu unafuna kumukwinyitsa nkhope. Anatseka pakamwa ndi dzanja kuti mano asaoneke, nadutsa chammbali maso ali pansi. Anyaniwo anamuperekeza ndi maso okha. Kuyambira pamphambano paja, amenewa ndiwo anali amoyo okha amene anamuona.

Patsogolo pake kanjira kanatha. Sikanapatuke kapena kusokonekera ndi kena. Kanangothera pamphepete pa chigwembe chouma, pamene madzi a mvula amagwera. Kutsidya kunali chitunda china.

Zelesi anaponya mikeka pansi, naiona ikukunkhulika mpaka kuima pamchenga. Anaponyanso ndodo. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kutsetsereka ndi matako, mwendo wodwala ataukweza m'mwamba. Anatsika bwino mpaka chapakati. Pamenepo muzu umene anagwira unazuka, ndipo anagwa chafufumimba. Msongolo unakamenya pamwala.

Kwa kanthawi sanaone kanthu. Atatsegula maso, chipanda chinali chitasweka pambali pake, mchenga ukumwa madzi otsala. Chidutswa cha nsalu chija chinali chofiira.

Analira. Panalibe womumva, ndipo posakhalitsa analeka, chifukwa kulira kunkangoumitsa kukhosi.

Kuchokera m'chigwembemo ankatha kuona chigwa cha Bwanje chonse, chotambalala, chotuwa ndi utsi. Anayesa kupeza mudzi wawo koma analephera. Midzi yonse inkaoneka ngati zitosi za mbuzi pabwalo.

Anamanganso mwendo, anabereka mikeka, natola ndodo. Anapeza kayendedwe kamene mwendo unkalola: kutsogoza ndodo, kuponda ndi phazi labwino, kenako kukoka linalo. Pamalo oimirira kwambiri ankakwawa ndi manja ndi bondo limodzi. Atafika pamwamba pa chitundacho anapeza china kuseri kwake, monga ananenera abambo ake. Atakwera chimenecho anapezanso china.

Sanaitanenso munthu. Lilime linali litauma ngati chikopa.

Dzuwa litapendeka mphepo inasintha. Inayamba kuwomba yozizira, yonunkhira utsi wa nkhuni. Mitengo inachepa, ndipo Zelesi anatulukira pamalo a udzu waufupi. Pamenepo anaona ndowe za ng'ombe, zina zouma, zina za tsiku lomwelo. Ng'ombe sizigona m'phiri. Anatsata mapazi a ng'ombezo, nadutsa m'mizere ya mbatatesi yokumbidwa kale, mpaka anaona madenga.

4. Tukula nsalu

Anafika pakhomo pa azakhali ake ng'ombe zikulowa m'khola. Azimayi a ku Kasinje anali pabwalo, ndipo a Lufina anali chiimire, akulankhula ndi amuna awiri amene anali ndi nkhwangwa ndi agalu. Atamuona anawomba m'manja kamodzi.

"Uyu ndi uyu! Anthuni, bwererani, nyama yabwera yokha. Iwe mwana, ndiwe wotani? Takudikira pathanthwe mpaka matako kuwawa. Ndabwerera mpaka pamphambano ndikufuula ngati wamisala pakati pa manda a eni. Ndimati ndikawauza chiyani a Goliati?"

Zelesi anagwada chammbali.

A Edina, mayi wamfupi wa nkhope ngati ya a Goliati, sanafuule. Anabwera ndi chikho cha madzi n'kumugwirira mpaka anamaliza. Kenako ananunkhiza.

"Tukula nsalu."

"Azakhali, ndangopunthwa..."

"Ndati tukula. Fungo limeneli si la kupunthwa lero."

Zelesi anatukula. Mayi wa miphika uja anatembenuza nkhope n'kulavula. A Lufina anawerama, nayang'ana chilondacho nthawi yaitali.

"Ndiye kuthengo kuja kunali kumeneku? Umathawa manda?"

"Inde, amayi."

"Mayo ine! Mwana iwe, ukuyesa wa chilonda woyamba kukwera phiri lino ndiwe? Kumanja kwa mandawo, kuseri kwa mkuyu, kuli kanjira ka anthu a zilonda ndi azimayi apakati. Kamazungulira n'kutulukira pathanthwe pomwe paja. Ine ndinadutsa kumeneko ndili ndi mimba ya Lazaro. N'kufupi ngati apa ndi pakhola apo. Ukanangoti, amayi ndili ndi chilonda, bwenzi nditakulozera ndi chala."

Zelesi anayang'ana kukhola. Linali pafupi ndithu.

A Edina anafunditsa madzi, nathiramo mchere. Anauza a Lufina kuti amugwire mapewa, iwo n'kuyamba kutsuka. Zelesi anakuwa mpaka agalu anauwa. A Edina sanaleke kufikira phulusa ndi mafinya zonse zitachoka.

"Mawa ngolo ya a Dyton, oyandikana nafe, ikupita ku Nzama ndi mbatatesi," anatero akupukuta m'manja. "Ukwere. Kumishoni kuli masisitere amene amatsuka zilonda."

"Kuchipatala ayi, azakhali. Amadula. Ababa anawadula."

A Edina anakhala pamphasa moyang'anizana naye.

"Zimenezo ndi za amayi ako, ndipo amayi ako ku Joni sanapiteko. Achimwene atabwera anafikira kuno. Anagona m'nyumba iyi mpaka atazolowera ndodo, ndipo anandiuza ndi pakamwa pawo. Mwala unawakanda pansi pa mgodi. Kanali kachilonda kochepa kuposa kakoka. Anzawo anawauza kuti akaonetse, iwo anakana poopa kuti awabweza kumudzi nthawi isanakwane, abwere chimanjamanja anthu awaseke. Anamanga chiguduli, navala jombo, n'kumalowa pansi m'madzi akuda tsiku ndi tsiku. Jombo itayamba kukana kulowa anaing'amba m'mbali. Amene anawanyamula ndi anzawo a m'chipinda, chifukwa fungo linawalepheretsa kudya. Pofika kuchipatala phazi linali lakuda ngati chikuni. Dokotala anadula chimene chinali chitafa kale. Achimwene sanena zimenezi chifukwa cha manyazi, ndipo amayi ako anapeza wina womunenera mlandu. Ife a kwa Ndau tili ndi nthenda imeneyi. Timayesa kupirira ndi kukhala chete n'chinthu chimodzi. Wopirira amanena pamene pakupweteka, kenako n'kulimba mtima akumutsuka. Wobisa amangosungira mphutsi chakudya. Iwe lero wakwera phiri lonse ndi mwendo wowola, ndipo ukuyesa wachita chamuna. Sunachite chamuna. Wauwonjezera matenda a mwezi wathunthu pa tsiku limodzi."

A Edina anamuyalira Zelesi m'nyumba, ndipo thupi lake linatentha mpaka kucha.

5. Phukusi

M'mawa a Edina anayenda ndi mikeka m'makomo. Anabwera ndi dengu la chimanga chambewu, cha maso akuluakulu oyera, chosankhidwa pakati pa chitsononkho. Nawonso anawonjezerapo cha m'nkhokwe mwawo.

Kum'mawa, pamwamba pa chigwa, mitambo inali itayamba kuunjikana. Azimayi ankamanga akatundu awo mofulumira, akuyang'ana kumwamba.

"Ife tikutsika," anatero a Lufina. "Mvula iyi sichedwa. Ikatipeza kuno, anzathu adzala ife tili m'njira."

Zelesi anatuluka atatsamira ndodo. Kutentha kunali kutatsika, ndipo mwendo wotsukidwa unkaoneka ngati wapepukako. Anapinda nkhata, nauza mayi wa miphika kuti amusenzetse dengu.

A Edina anapinda manja. "Sindikumanga ndi chingwe. Si ndiwe mbuzi."

"Amayi ali ndi khanda, azakhali. Ababa sangagwire khasu. Ndikapanda kupita, adzala ndani?"

"Amayi ako adzala khanda lili kumsana, monga timachitira tonse. Iwe ukapita udzala chaka chino chokha. Chaka chamawa pakhondepo padzakhala oluka mikeka awiri."

Zelesi anasenza. Anayenda kudutsa nkhokwe, kudutsa khola, mpaka pamene njira imayamba kutsetsereka. Pamenepo anaima. Phiri lonse la dzulo linali pansi pake, chitunda pambuyo pa chitunda. Anamva chinthu chofunda chikuyenderera kutsika kukakolo. Anayang'ana. Nsanza yatsopano imene azakhali ake anamumanga inali itanyowa kale.

Anaima nthawi yaitali, azimayi akumudikira. Kenako anatembenuka, nabwerera pabwalo.

"Nditulitseni."

A Lufina anamutula.

"Amayi, mungandinyamulireko mbewuyi?"

"Ine mutu ndili nawo umodzi, mwana iwe. Koma tigawana tonse, aliyense kachikwatu kake." A Lufina anayang'ana anzawo, ndipo onse anavomera ndi mutu.

A Edina analowa m'nyumba, natuluka ndi phulusa ndi kabotolo ka palafini wa nyali. Anathira phulusa m'dengumo, anadonthezamo palafini, n'kuvundula ndi dzanja mpaka njere zonse zinatuwa.

"Ha! A Edina, mukutiyesa mbewa?" anatero a Lufina.

"Ndikukuyesani anthu a ana anjala. Ngakhale kwa achimwene komweko, ndani anadya mbewu yoyamba? Iyi ikalowe m'nthaka, osati mumtondo."

A Lufina anaseka, koma sanatsutse. Anamanga gawo lawo kunsonga ya nsalu.

"Ndiye ndikanene chiyani kumudzi? Nditi azakhali akukondwa nawe, utsala kaye?"

"Ayi, amayi. Mukanene kuti ndili ndi chilonda pamsongolo, ndinabisa, ndipo ndapita kuchipatala ku Nzama. Mukanene ababa ali pomwepo."

"Amayi ako akayamba maliro."

"Alire. Akatha akadzale."

Azimayi ananyamuka. Zelesi anawayang'ana akutsika mmodzimmodzi mpaka mutu wa a Lufina unabisika ndi udzu.

"Inu mupita nane, azakhali?"

"Ndisiyire ndani ng'ombe ndi ana? Amuna anga ali kuntchito ku Halale. A Dyton akakutula pachipata. Kuchokera pamenepo pakamwa ndi pako. Ukanene zonse: khasu, phulusa, phiri. Usakachepetse."

"Nanga akakadula?"

"Sindikudziwa, mwana wa achimwene. Ine sindine sisitere. Mwina wafulumira, mwina wachedwa. Akakuona iwo ndi amene anene."

Kuseri kwa nyumba kunamveka kulira kwa magudumu a ngolo ndi mawu a Dyton akukalipira ng'ombe. Zelesi anayala nsalu yakale imene azakhali ake anamupatsa. Anaikapo mbatatesi zootcha, kambale, chikho ndi kamchere kokulunga m'tsamba. Kutali kuchigwa bingu loyamba la chaka linagunda. Zelesi anakweza mutu n'kumvetsera mpaka linatha, kenako anasonkhanitsa nsonga zinayi za nsaluyo, namanga mfundo.